Nkhumba Zitatu za Ababa

Lolemba, 12 Ogasiti 2024

Kope ili linali la Bayoloje. Mayeso a Fomu 4 anatha, masamba akumbuyo anatsala, ndiye ndalitembenuza. A Michael akuti wophunzira khodi azilemba zimene waphunzira tsiku lililonse. Ine ndizilemba zimenezo ndi zinanso. Pakamwa mawu amandithawa, koma papepala ndayamba kuona kuti amandimvera.

A Michael ndi aphunzitsi athu a kompyuta ku holo ya achinyamata kuno ku Nsambe. Kwawo ndi ku Blantyre, anatumizidwa ndi bungwe. Ophunzira tilipo anayi, malaputopu awiri. Tikupanga apu ya kalabu yopatsirana mbuzi: banja likalandira mbuzi, ikaswa, kamwana kakakazi kamapita ku banja lotsatira. Apuyo izikhala mu foni ya alangizi a ziweto, a Easter, kuti asamayendenso ndi chibuku chong'ambika chija. Banja lililonse lili ndi khadi yake pa sikirini: chithunzi cha mwini khomo, dzina, ndi nambala ya mbuzi zake. Kwathu tili nazo zitatu.

Lero andipatsa gawo langalanga: tizithunzi ta pa mabatani, timene amati maaikoni. Sujambula wekha ayi. Pali laibulale yake, osati ya mabuku, koma mulu wa tizithunzi toposa chikwi timene anthu akunja anajambula kale. Umalemba mzere umodzi pamwamba pa fayilo kuitana kamene ukufuna, basi katulukira. Ndaika kanyumba, kakalendala, kabini kotayamo zinyalala, ndi kagalasi kofufuzira. Zonse zatheka ulendo woyamba! A M. anati, "Tiko, uli ndi diso." Ndinayang'ana pansi, koma mumtima ndimavina.

Ndamvetsanso komponenti. Ndi kachidutswa ka apu kamene umapanga kamodzi n'kumakagwiritsa ntchito paliponse. Ngati chikombole cha njerwa: chikakhota, njerwa zonse za pa uvuni zikhota. Fanizo limeneli ndaganiza ndekha pobwerera, palibe wandiuza.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Mulibe mbuzi.

Ndafufuza m'mawa wonse. Muli galu, mphaka, kamba, gologolo, ngakhale nkhono. Kapu ya khofi, ayisikilimu wa mitundu iwiri. Mbuzi mulibe. Khasu mulibe. Kaya anthu amenewo amadya chiyani.

Ndimafuna kachithunzi koika mu komponenti yathu yotchedwa Chiweto, kamene kazioneka pafupi ndi nambala pa khadi ya banja lililonse. Masana ndinalimba mtima n'kukawauza a M. Ndinawapeza akudya. Nkhumba! Ya pa chiwaya, imene anagula dzulo pa Zalewa pobwera, yokulunga mu nyuzipepala, mafuta ataundana mbuu. Yagona usiku wonse m'chikwama, eti iwo akungotafuna yozizira. Fungo lake holo yonse. Ndinachita mseru mpaka malovu kudzaza m'kamwa.

Anabwera pa laputopu yanga osasamba m'manja. Zala zonona zija pa mabatani omwe ine ndimagwira. Anafufuza n'kupeza kankhumba konenepa, kong'ambika pamsana. Ati azungu amaponyamo makobili pamenepo. Anati, "Ika kaye iyi, tidzasintha. Chiweto ndi chiweto."

Ndimafuna kunena kuti sala, ife a Sabata nkhumba sitidya, sitiweta, ngakhale kuikhudza ayi. Theka la kalabu yonse ndi a mpingo wathu. Ababa anga a Gerishon ndi elda wa mpingo, ndipo anandilola movutikira kuti ndizibwera kuno. Mawu onsewo anali pakhosi. Chimene chinatuluka ndi "Chabwino sala."

Ndinalemba mzerewo ndi chala chimodzi, nditapukuta mabatani ndi kona ya chitenje. Nditasunga fayilo, makadi onse 46 a mabanja amene ali ndi mbuzi anatulukira ndi nkhumba. A M. anati, "Waona ubwino wa komponenti?" Asa!

Chitenjecho ndachichapa.

Lachitatu, 14 Ogasiti

A M. atumiza apu ku foni ya a Easter kuti akayesere m'makomo awiri atatu. Ndimati ndinena za nkhumba ija asanatumize. Ndinaimirira kumbuyo kwawo mphindi zambiri ndithu. Anatembenuka, "Tiko, pali vuto?" Ine, "Ayi sala."

Ndikudzinyansa ndekha. Papepala ndine katswiri, pamaso pa munthu ndine chitsa.

Kanthu kabwino kamodzi: ndaphunzira kusintha kukula ndi mtundu wa kachithunzi osakagwira kenikeniko, umangokauza nambala. Kankhumba ndakachepetsa kufika pa 16. Kakuonekabe.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Mphepo ndi fumbi. Netiweki kunalibe, tinangosesa holo.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Tsiku lokonzekera Sabata, sindinapite ku holo. Kuchapa, kusita, kuphikiratu mbatatesi ndi nyemba.

Ku mjigo kwachitika zachilendo. Nditafika, azimayi anasiya nkhani. A Mailesi, a kuseri kwa dimba lathu, anandipatsa moni wautali kwambiri. "Ababa ako adzuka bwanji? Nanga ziweto zadzuka bwanji, zonse?" Anatsindika pa "zonse". Wina anaseka n'kubisa nkhope mu ndowa.

Ndinayankha kuti zadzuka bwino. Mwina ndikungoganiza.

Sabata, 17 Ogasiti

Sindimangoganiza.

Lero amayenera kulalikira ndi ababa. Sabata yonse akhala akukonza, ndimawamva akuyeserera ku khola. Tafika ku tchalitchi, a Elda Laimoni anawakokera pambali pa mtengo wa manachesi. Analankhula pang'ono. Ababa anabwerako n'kukakhala benchi yachitatu kuchokera kumbuyo, pamene pamakhala alendo ndi ochedwa. Chibadwire sindinawaonepo atakhala pamenepo.

Analalikira a Laimoni. Mutu wake: zodyedwa ndi zosadyedwa. Mawu akuti "chonyansa" anawatchula kasanu ndi kawiri, ndimachonga pa chikhatho. Anatinso pali ena amene pakamwa ndi oyera koma chuma chawo chimagona m'matope kutsidya. Anthu "Ameni!" Makosi onse kutembenukira kumbuyo mochenjera, ngati akuyang'ana wotchi.

Potuluka ndinamva mtsikana wa kwaya akuuza mnzake: "Ati zatuluka mu foni ya boma, ndi chithunzi chawo chomwe."

Ndinadziwa pomwepo kuti ndi kankhumba kaja.

Kunyumba ababa sanadye. Anangovula jekete n'kukhala pakhonde ndi buku la nyimbo, osalitsegula.

Sande, 18 Ogasiti

Amayi andifotokozera tikusenda nyemba. Ndilemba mwadongosolo kuti ndimvetse ndekha.

Lachitatu masana a Easter anapita kwa a Mailesi, chifukwa iwo ndi amene akudikira kamwana ka mbuzi yathu. Anawatsegulira khadi ya ababa kuwaonetsa kuti mbuzi ili ndi bere. A Mailesi kuwerenga sadziwa bwino, koma maso ali nawo: nkhope ya ababa, nkhumba, 3. Anafunsa, "Kodi iyi si nkhumba?" A Easter, poti kwawo ndi ku Kasungu ndipo za mpingo wathu sazitsata, anangoti, "Eya, zili choncho mu fonimu," n'kukwera njinga yawo. Khadi ya a Mailesi ilibe kachithunzi chifukwa sanalandire mbuzi. Ndiye anaona nkhumba pa munthu mmodzi yekha.

Zotsalazo anamalizitsa okha. Ati ababa anaikiza nkhumba zitatu kwa ang'ono awo a William ku Luwani, amene anasiya mpingo kalekale ndipo amawetadi nkhumba. Kuikiza ziweto kwa m'bale aliyense amachita, ndiye nkhaniyo inalowa m'makutu ngati madzi mumchenga. Ati n'chifukwa chake ababa amapitapita ku Luwani. Amapita kukaona agogo odwala! Mxii.

Bodi ya mpingo ikhala Sande likubwerali. Ikapezeka nkhani yoona, uelda watha, mwina ndi kuwaimitsa mumpingo.

Amayi anandifunsa, "Iwe uli ku makompyuta konko, sukudziwapo kanthu?" Ndinati ndikafunsa. Bodza la theka. Limanunkha kuposa lathunthu.

Lolemba, 19 Ogasiti

Ndawauza a M. Ndinalemba pa kapepala n'kuwapatsa, chifukwa ndimadziwa kuti pakamwa sizituluka.

Anaseka. Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ndiye mudzi wonse wakwiya ndi aikoni? Tiko, izi n'zazing'ono." Ndinawayang'ana mano, pakati pake panali kanyama. Ndinati, "Kwa inu." Mawu awiri okha, koma anatuluka mokweza moti anzanga anatembenuka. A M. anasiya kuseka.

Anaimbira a Easter, ali ku maphunziro ku Mwanza, abwera Lachinayi. Kenako anati ngati laibulale ilibe mbuzi, tikhoza kupanga yathu n'kuiphatikiza ndi tizithunzi tinato. Kachithunzi kalikonse mkati mwake ndi manambala chabe: yambira apa, pita apo, khota chonchi. Bwalo lake ndi 24 m'litali, 24 m'lifupi. Mzere ukhale wonenepa mofanana ndi tinzake kuti isaoneke yachilendo.

Anati ajambula okha. Ndinakana. Ndinaika ndine, ndichotsa ndine.

Ndajambula mabokosi 24 kwa 24 kumbuyo kwa kope lino. Madzulo ndinakakhala pa khola kuyang'ana Nachisale, mbuzi yathu ya bere. Imangondiyang'ana ikubzikula, ngati ikudziwa.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Yoyamba: tebulo la nyanga.

Yachiwiri: anzanga ati ndi galu wa chiwewe.

Yachisanu ndinaiwala kutseka mzere wa mimba, miyendo inangolendewera payokha ngati ya pa butchala. Ndinafufuta msanga.

Chovuta ndi ndevu. Ukaika, zimaoneka ngati mwendo wachisanu. Ukachotsa, ndi galu. Tsopano ndikuwamvetsa pang'ono anthu a laibulale aja, koma sindinawakhululukire. Nkhono anaipezera nthawi.

Ababa sakupita ku dimba ndi anzawo, akupita okha m'mamawa. Dzulo mwana wa a neba analira ngati nkhumba iwo akudutsa. Amayi ake anamumenya, koma akuseka.

Lachitatu, 21 Ogasiti

YATHEKA. Ya nambala 11. Nyanga zopindikira kumbuyo, kamchira koimirira, kandevu kafupi. Si yokongola koma ndi mbuzi.

Mu Chiweto ndinafufuta mzere wa nkhumba, n'kuitana yanga. Kusunga fayilo, makadi 46 onse mbuzi, nthawi imodzi, phwii! A M. anatumiza pomwepo. Ati foni ya a Easter ikangogwira netiweki isintha yokha.

Ndabwerera ndikuthamanga. Mawa a Easter akabwera aliyense aona kuti kulibe nkhumba. Ababa sadzadziwa n'komwe kuti ndinali ine. Ndadya kawiri.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Ndine chitsiru. Ndilembe kawiri: chitsiru.

A Easter atangofika, a Laimoni ndi a Mailesi anawatsekera njira pa golosale kuti aone foni. Anthu anaunjikana. Anatsegula khadi ya ababa: mbuzi, 3. A Mailesi anawomba m'manja. "Ehee! Lachitatu lapitalo inali nkhumba, lero yamera nyanga! Nanga mwana wawo uja si ali ku makompyuta konko? Wafufuta!"

A Easter anayesa kunena kuti nkhumbayo inali pa aliyense. A Mailesi anati, "Tionetseni ya aliyenseyo." Palibe. Ndinaichotsa ine, paliponse, ndi mzere umodzi. Wina anati alangiziwo asatinamize, amachoka kwa a Gerishon ndi jumbo ya manachesi ulendo uliwonse. A Laimoni ati anangogwedeza mutu n'kunena kuti munthu wosalakwa safufuta.

Umboni wokhawo umene ukanawapulumutsa ababa ndinautaya ndi manja anga, ndikuvina.

Ababa anandiitana pakhonde dzuwa lisanalowe.

"Tikondane, wafufuta ndiwe?"

"Eya."

"Ndinakutuma?"

"Ayi."

Kenako anati, "Ndiye nawenso unakhulupirira kuti ndili nazo. Unati undibisire."

Ayi ababa, ayi! Koma kuti ndinene ayi, ndimayenera kunena kuti ndinaika ndine. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Anati, "Ku holo kuja usapitenso."

Ndinapita kuseri kwa bafa n'kusanza. Sindinadye chilichonse choipa. Ndi ine ndemwe.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Ndaganiza ndikutsuka mbale. Ngati kuchotsa kwaononga, ndiye ndiyenera kuibwezera. Pamaso pawo. Ndi chala chomwechi. Kungoganiza kokha thupi likuchita nyansinyansi.

Amayi anandituma ku chigayo, ndipo chigayo chili pafupi ndi holo. Ndinasiya thumba pamzere n'kulowa. Sindinawamvere ababa, ndikudziwa.

Ndinawapempha a M. laputopu mpaka Lolemba. Anati ndi katundu wa bungwe, satuluka. Kenako anati apita okha ku bodiko akafotokoze. Ndinati, "Sala, inu amakudziwani kuti mumadya nkhumba." Anakanda mutu. Komanso mawa akupita kwawo ku Blantyre. Mapeto ake anandisainitsa m'buku, n'kundionetsa kuyendetsa apu pa laputopu pomwepo popanda netiweki, kuti zimene ndisinthe zisapite ku foni ya a Easter. Batire ladzaza, koma ati ndi lokalamba, silifika ola limodzi.

Ndayeserera katatu: mbuzi, nkhumba, mbuzi. Ulendo uliwonse kankhumba kakatulukira ndimatseka diso limodzi. A M. anati, "Pepa, Tiko. Ndikanafunsa." Ndinati nanenso ndikananena. Lero amadya chinangwa.

Laputopu ndinaikulunga m'chitenje, pamwamba pa thumba la ufa, pamutu. Ndafika dzuwa likadalipo. Ili pansi pa mphasa, kumutu.

Sabata, 24 Ogasiti

Benchi yachitatu kuchokera kumbuyo, kachiwiri. Pa Sabata sitiganiza za ntchito. Ndaganiza za mzere umodzi tsiku lonse.

Sande, 25 Ogasiti



Bodi inakhala 2 koloko m'kachipinda ka kumbuyo kwa tchalitchi. Ababa ananyamuka okha. Ine ndinadikira pang'ono n'kuwatsatira ndi chikwama, kudzera njira ya kumunda wa tirigu kuti asandione. Pakhomo ndinaima kanthawi. Ndimamva a Mailesi mkati: "Ine ndinaona ndi maso angawa, yochekedwa kale pamsana."

Ndinati odi. Palibe anamva. Ndinatinso ODI.

Munali anthu asanu ndi awiri. Ndinagwada pakhomo. Ababa anati, "Ukufuna chiyani kuno?"

Zimene ndinakonza kunena zonse zinauluka. Ndinati, "Ndabwera ndi nkhumba ija."

A dikoni a Dyson anasuzumira kumbuyo kwanga ngati ndaimangirira panja.

A Laimoni anati ana salowa mu bodi. Mayi wina anati musiyeni mwana alankhule. Ndinaika laputopu pa tebulo la mabuku a nyimbo n'kuitsegula. Ndinaonetsa khadi ya ababa, ya mbuzi. Kenako ndinanena, ndikuyang'ana sikirini osati anthu: "Nkhumba ija ndinaika ndine. Mbuzi munalibe m'tizithunzi ta azungu, ndiye ndinaika nkhumba. Ababa samadziwa. Ndiibwezera muone."

Ababa sindinawayang'ane. Ndimangomva mpweya wawo.

Polemba ndinaphonya chilembo chimodzi, sikirini yonse inafiira. A Mailesi anati, "Chakana! Chinthucho chakana bodza!" Ndinapukuta thukuta, ndinapeza cholakwikacho, ndinasunga. Kankhumba kaja pafupi ndi nkhope ya ababa.

"Ndi yomweyo!" a Mailesi anaimirira. "Mwaona? Ndi yomweyo!"

Ndinati, "A Elda Laimoni, mundilole nditsegule yanu."

Ndinaitsegula. Chithunzi chawo cha jekete yakuda ija. Nkhumba. 5.

A Dyson anatulutsa mpango n'kudzitseka pakamwa, mapewa akugwedezeka. A Laimoni anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. "Chotsa! Mwana iwe, chotsa msanga chinthu chimenecho pa dzina langa!"

Ndimati ndichotse. Ababa anati, "Asachotse." Mawu awo anali otsika. "Yanga yakhala masiku khumi m'kamwa mwa anthu. Tsitsa m'munsi, tione onse."

Ndinatsitsa. A Dyson, nkhumba ziwiri. Kuseka kunatha. Mayi anandiikira kumbuyo aja, zinayi. Ababa amatchula dzina lililonse mokweza ndi nambala yake, pang'onopang'ono, ngati akuitana mayina a ubatizo. Palibe anawaletsa. A Mailesi anati, "Ine ndiye ndilibe." Ndipo ine, ine Tikondane, ndinayankha kuti, "Poti simunalandire. Ya kwathu ikaswa mukhala nayo imodzi." Sindinafune kuti zimveke choncho. Anakhala pansi.

Batire linatha tili pa banja la 19.

A Laimoni anakonza pakhosi kawiri. Anati nkhaniyi yatha, zalembedwa zifufutidwe, ndipo a Elda Gerishon alalikira Sabata likubwerali. Kupepesa sanapepese. Ababa anatembenukira kwa ine pamaso pa onse.

"Unadziwa liti kuti ndi nkhumba?"

"Tsiku lomwe ndinaika."

"Unanena?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu n'kutuluka. Ndinalongedza mawaya ndikulira mwakachetechete. Panja ndinawapeza akundidikira. Anatenga chikwama paphewa panga n'kuchikoleka pa lawo. Tinayenda mpaka pa kamlatho ka mitengo. Pamenepo anati, "Mawa ukabweze katundu wa eni." Ndinati chabwino. Tinayendanso. "Ndipo ukakhale konko mpaka mbuzi yako ija ioneke ngati mbuzi. Makutu aja ndi a galu."

Kunyumba anakoleka chikwamacho pa msomali wa jekete yawo ya ku tchalitchi. Ndinachiyang'ana, ndipo ulendo uno sindinadikire. Ndinati, "Ababa, batire linatha ndisanabwezeretse. Nkhumba ikadali mkatimo."

Anachichotsa pa msomali ndi zala ziwiri, mkono atautambasula kutali ndi jekete, n'kundipatsa. Amayi kukhitchini anaseka mpaka kutsamwa.